Jaguarina, mayi wa lupanga ku America

Anzanga a m'kalabu, mayi uyu dzina lake lenileni anali Ella Hattan. Anabadwa mu 1859 ku Zanesville, m'chigawo cha Ohio ku America. Poyamba ankachita zisudzo, kenaka anaphunzira masewera a malupanga kwa katswiri wina, Thomas Monstery. Masewerawa si nkhondo ayi, wopambana ndi amene wakhudza mnzake ndi lupanga kambiri. Komabe munthu ankatha kuvulala ndithu.

Pabwalo ankamutcha Jaguarina, kutengera chilombo cha kumeneko chofanana ndi kambuku. Sankapikisana ndi amayi anzake, koma azibambo, enanso asilikali enieni, nthawi zina onse atakwera pa akavalo, lupanga lolemera kumanja. Mu 1887 ku San Francisco anagonjetsa Owen Davis, msilikali wa gulu la apakavalo. Tangoganizani manyazi ake! Nthawi imeneyo n'kuti amayi ambiri a ku America asanaloledwe ngakhale kuvota.

Azibambo ofuna kulimbana naye atayamba kusowa, anabwerera ku zisudzo. Mpikisano wa amayi wa dziko lonse unadzayamba mu 1912, ndipo ku Olimpiki amayi a malupanga analowa mu 1924, iye atausiya kale.