Theodor Schwann ndi Chofunda cha Mitsempha

Akuluakulu a ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka akukumbukirabe mudzi wa odwala khate umene Abambo Oyera anatsegula pa Mua m'chaka cha 1927, patapita zaka 25 chikhazikitsireni mishoniyo. Masiku amenewo anthu ankati khate limadya zala, koma nkhani yake siili choncho kwenikweni. Kachilombo ka khate kamabisala m'maselo amene amakuta mitsempha yoyendamo mauthenga, ndipo maselowo akaonongeka dzanja limachita dzanzi. Mwini dzanja amagwira mphika wotentha osamva, zilonda nkumanyeka mpaka chala kufupika. Maselo amenewa amadziwika ndi dzina la munthu amene sanaioneko nyanja yathu, Theodor Schwann.

Schwann anabadwira m'tauni ya Neuss ku Germany pa 7 Disembala 1810. Bambo wake anali mmisiri wosula golide amene pambuyo pake anayamba kusindikiza mabuku. Atamaliza sukulu ya ansembe a Chijezuiti ku Cologne, mnyamatayu anaphunzira za udokotala ku Bonn, ku Würzburg ndi ku Berlin, kumene anatsiriza mu 1834 atafufuza ngati mwanapiye angakule m'dzira popanda mpweya. Mphunzitsi wake, Johannes Müller, anamtenga kuti azimthandiza.

Zaka zisanu zotsatira ndizo zinabala zonse zimene timamkumbukira nazo. Mu 1836 anapeza pepsin, chinthu cha m'mimba chimene chimagaya nyama. Chaka chotsatira anaonetsa kuti chimene chimawiritsa mowa ndi tinthu tamoyo, zimene amayi ofulula masese sangadabwe nazo poona mmene chimera chimafunira kusamalidwa. Koma akatswiri awiri otchuka, Liebig ndi Wöhler, anamseka poyera m'magazini yawo mu 1839, ndipo panapita zaka pafupifupi 20 kuti Louis Pasteur atsimikize kuti mnyamatayo ananena zoona.

Chaka chomwecho cha 1839 Schwann anatulutsa buku lofotokoza kuti matupi a nyama, monga momwe mnzake Matthias Schleiden anaonera pa zomera, anamangidwa ndi maselo. Ana athu a sekondale amaloweza mfundoyi ngati kuti inagwa ndi mvula, osadziwa kuti anaipeza ndi munthu wa zaka 28. Analakwitsa poganiza kuti maselo amaundana kuchokera m'madzi a m'thupi, ndipo Robert Remak ndi Rudolf Virchow ndiwo anaonetsa kuti selo limachokera ku selo linzake. Koma pofufuza mitsempha ndi galasi lokulitsa zinthu, anaona kachofunda kopyapyala kokuta ulusi uliwonse, ndipo apa diso lake silinaname.

Ntchito ya kachofundako iye sanaidziwe. Ngakhale Virchow, pamene anafotokoza zinthu zamtundu womwewu mu ubongo mu 1856, anazitcha glia, liwu la Chigiriki lotanthauza ulimbo, poyesa kuti zimangomata basi. Dzinalo linakhala, koma ndi lonyoza. Lero tikudziwa kuti selo la Schwann limadzikulunga kambirimbiri pa ulusi wa mtsempha, nkupanga chikuto chamafuta chotchedwa myelin, chofanana ndi mphira wokuta waya wamagetsi. Pakati pa selo ndi selo pamatsala kampata, ndipo uthenga umalumpha kuchoka pa kampata kena kufika pa kanzake, mothamanga mamita oposa 100 pa sekondi, pamene mu ulusi wosakutidwa umayenda mita imodzi kapena awiri okha. Mtsempha ukaduka, maselo omwewa amasesa zoonongeka, nandanda mzere kuti ulusi watsopano utsate, ukukula pafupifupi milimita imodzi pa tsiku. Mu ubongo ndi m'fupa la msana ntchito yokuta imagwiridwa ndi maselo ena a glia, amene sathandiza kumeranso motero. Nchifukwa chake chala chotemedwa ndi chikwakwa chimatha kuyambanso kumva, koma wothyoka msana kawirikawiri sayendanso.

Atatha zimenezi Schwann anachoka ku Germany nakaphunzitsa ku Louvain m'dziko la Belgium, kenaka ku Liège kuyambira 1848. Ena amati chitonzo cha Liebig chinamfooketsa. Ine ndikuona kuti anali munthu wofatsa, wokonda mapemphero, amene makangano a akatswiri sanali kumkoma. Sanakwatire. Anaphunzitsa mokhulupirika zaka zoposa 30, napanganso chida chothandiza anthu a m'migodi kupuma pamalo a mpweya woipa. Anamwalirira ku Cologne pa 11 Januwale 1882.

Pomwalira iye nkuti patapita zaka zisanu ndi zinayi dokotala wa ku Norway, Armauer Hansen, ataona kachilombo ka khate mumzinda wa Bergen. Kuyambira mu 1981 odwala khate amalandira mankhwala ophatikiza amene amapha kachilomboko, ndipo wofika msanga kuchipatala, chikanga chikangooneka pakhungu, amachira zala zake zonse zili zamphumphu. Wochedwa amachiranso, koma dzanzi lija nthawi zambiri limatsala.