Mbili ya a Alan Turing, katswili amene anaulula zinsinsi za Enigma

Pa 7 June 1954, mu tauni ya Wilmslow pafupi ndi mzinda wa Manchester ku England, munamwalila katswili wa masamu a Alan Turing ali ndi zaka 41. Pa nthawiyo ndi anthu ocepa okha amene anadziwa zimene iwo anacita pa nkhondo yaciwili ya dziko lonse, cifukwa boma la Britain linalumbilitsa onse amene anagwila nawo nchito kuti asaulule kanthu. Lelo a Turing amawelengedwa pakati pa anthu amene anayala maziko a sayansi ya makompyuta.

Nkhondo imeneyo inakhudzanso anthu a kuno kum'mawa. Amuna a ku Fort Jameson, imene lelo ndi Chipata, ndi a m'midzi yozungulila analembedwa usilikali mu gulu la Northern Rhodesia Regiment, limene linakamenya nkhondo ku Somaliland, Ethiopia, Madagascar ndi Burma. Wolemba mbili a Harry Hinsley anawelengela kuti nchito youlula mauthenga acinsinsi a adani, imene a Turing anali m'modzi wa atsogoleli ake, inafupikitsa nkhondoyo ndi zaka zosacepela ziwili.

A Turing anabadwa pa 23 June 1912 mu mzinda wa London. Atate ao anali kugwila nchito ya boma ku India, motelo iwo ndi mkulu wao analeledwa ndi banja lina ku England. Mu 1926, tsiku loyamba sukulu ku Sherborne linakumana ndi sitalaka yaikulu imene inaimitsa masitima. Mnyamatayo anapalasa njinga mtunda woposa makilomita 90 kucokela ku Southampton, nagona panjila usiku umodzi, kuti akafike ku sukulu.

Mu 1931 analowa ku King's College pa yunivesite ya Cambridge. Mu 1936 analemba nkhani imene inawachukitsa pakati pa akatswili a masamu. Anafotokoza makina ongoganizila, amene amawelenga ndi kulemba zizindikilo pa kansalu kakatali ka pepala motsatila malangizo. Anaonetsa kuti makina amodzi angathe kugwila nchito ya makina ena onse otele, malinga ngati apatsidwa malangizo oyenela. Ndiye cifukwa cake foni imodzi lelo imatumiza ndalama, imajambula zithunzi ndiponso imauza mlimi mtengo wa cimanga. Anaonetsanso kuti pali mafunso ena amene makina sangathe kuyankha. Cotsatila cake ndi cakuti palibe pulogilamu imene ingauze mosaphonya zimene pulogilamu ina iliyonse idzacite. Mu 1938 analandila digili ya udokotala ku yunivesite ya Princeton ku America.

Pa 4 September 1939, tsiku lotsatila Britain italengeza nkhondo ndi Germany, a Turing anafika ku Bletchley Park, malo acinsinsi a boma. Asilikali a Germany anali kubisa mauthenga ao ndi makina ochedwa Enigma. Munthu akadina cilembo, magetsi anali kudutsa m'mawaya ndi m'mawilo atatu, ndipo panali kuyaka cilembo cina. Mawilo anali kuzungulila pa cilembo ciliconse, ndipo kakonzedwe ka makinawo kanali kusinthidwa tsiku ndi tsiku. Ciwelengelo ca njila zowakonzela cikalembedwa cimakhala ndi manambala 21. Akuluakulu a nkhondo a Germany anakhulupilila kuti palibe angathe kuziyesa zonse.

Akatswili a ku Poland, motsogoleledwa ndi a Marian Rejewski, ndiwo anayamba kuulula Enigma mu 1932, ndipo mu July 1939 anagawilako Britain ndi France zimene anapeza. A Turing anapitiliza pamene iwo analekela. Anagwilitsa nchito zofooka ziwili. Coyamba cinali m'makina momwemo: Enigma sinali kutha kusiya cilembo monga cilili, kotelo kuti A sanali kuturuka A. Caciwili cinali mwa anthu. Otumiza mauthenga anali ndi zizolowezi. Malipoti a nyengo anali kutumizidwa pa nthawi imodzimodzi, ndi mau amodzimodzi. Ena anali kutumiza uthenga wongonena kuti palibe cacilendo. Poganizila mau amene ayenela kukhala mu uthenga, a Turing anakonza makina ochedwa bombe, amene anali kutaya msanga njila zonse zosatheka. Oyamba anayamba nchito mu March 1940, a Gordon Welchman anawaonjezela mphamvu, ndipo pakutha kwa nkhondo analipo oposa 200.

A Turing anatsogolela gawo lolimbana ndi mauthenga a asilikali a pamadzi, amene anali obvuta koposa. Sitima za Germany zoyenda pansi pa madzi zinali kumiza zombo zobweletsa cakudya ndi mafuta ku Britain. Kuyambila mu 1941 mauthenga ao anayamba kuwelengedwa, ndipo zombo zinali kupatutsidwa kumene adani anabisala. Mu February 1942 Germany inaonjezela wilo lacinai, ndipo Bletchley Park inakhala mu mdima mpaka December, pamene mabuku acinsinsi olandidwa m'sitima ya U-559 anatsegulanso njila.

Mu November 1942 boma linawatuma ku America kukayendela nchito ya anzao. Anaunika makina oulula Enigma amene anali kupangidwa ku Dayton, ndiponso makina obisa mau a pa lamya ku Bell Labs. Pamenepa nchito yao inatembenuka: amene anazolowela kuthyola maloko a adani tsopano anali kuyesa maloko a kwao, kuti zofooka zipezeke adani asanazipeze. Akatswili a citetezo ca makompyuta amacita zomwezo mpaka lelo.

Nkhondo itatha, mu February 1946 anapeleka pulani ya kompyuta yochedwa ACE ku National Physical Laboratory. Nchitoyo inacedwa, ndipo mu 1948 anasamukila ku yunivesite ya Manchester, kumene analemba buku lophunzitsa anthu kulemba mapulogilamu. Mu June 1949 anafotokoza njila yotsimikizila kuti pulogilamu yaikulu ilibe zolakwa, poigawa m'zigawo zimene munthu wina angaziunike cimodzicimodzi. Mu 1950 anafunsa ngati makina angathe kuganiza, napeleka njila yowayesela imene lelo imachedwa ndi dzina lao. Analinso katswili wothamanga, amene anatsiliza mpikisano wa makilomita 42 mu maola 2 ndi mphindi 46.

Mu 1952 khoti linawapeza ndi mlandu wogonana ndi mwamuna mnzao, umene unali mlandu pa malamulo a Britain a nthawiyo. M'malo mwa ndende anabvomela kubayidwa jekeseni wa mankhwala osintha thupi kwa caka cimodzi, ndipo boma linawaletsa kugwilanso nchito zacinsinsi. Patapita zaka ziwili anapezeka atamwalila m'nyumba mwao ndi poizoni wa cyanide. Ofufuza za imfa anagamula kuti anadzipha, koma amai ao anakhulupilila mpaka imfa yao kuti inali ngozi.

Cinsinsi ca Bletchley Park cinayamba kuululika mu 1974. Mu 2009 nduna yaikulu ya Britain a Gordon Brown anapepesa m'malo mwa boma, mu 2013 Mfumukazi Elizabeth inawakhululukila mlanduwo, ndipo mu 2021 nkhope yao inaikidwa pa ndalama ya mapaundi 50. Mphotho yaikulu ya sayansi ya makompyuta, imene inayamba kupelekedwa mu 1966, ili ndi dzina lao.

Zambia inalumikizidwa ku intaneti mu 1994 kudzela mu ZAMNET, imene inabadwila pa yunivesite ya Zambia. Lelo wogulitsa nshawa pa msika wa Kapata ndi wamalonda wodutsa pa cipata ca Mwami amasunga ndalama zao mu foni, zotsekedwa ndi PIN ya manambala anai. Manambala anai amapeleka njila 10,000, koma amene asankha caka cobadwa, kapena 1234, wacepetsa njilazo kukhala zowelengeka, ndipo amene auza PIN yake kwa mlendo womuimbila foni wapeleka kiyi ndi manja ake. Asilikali a Germany anali ndi loko wa manambala 21, koma zinsinsi zao zinaululika cifukwa ca kabowo kamodzi m'makina ndi zizolowezi za anthu owagwilitsa nchito.