Ousmane Sembène: mwana wa msodzi yemwe adabwerera kusukulu ali ndi zaka 39

Mwana akanena kuti akufuna kukaphunzira zopanga mafilimu ku yunivesite, makolo ambiri amayamba ayang'anizana kaye. Funso lawo limakhala lakuti kodi zimenezi n'zoti munthu n'kulipirira fizi, kapena ndi masewera chabe. Mbiri ya malemu Ousmane Sembène wa ku Senegal, yemwe adamwalira m'chaka cha 2007, ikhoza kuthandiza makolo otere.

Mkuluyu, yemwe ambiri amamutcha tate wa mafilimu a mu Africa, adachotsedwa sukulu ali mnyamata. Koma atafika zaka 39, ali kale mlembi wodziwika wa mabuku, adapita ku Moscow kukakhala pansi ngati mwana wasukulu kuti aphunzire kufotokoza nkhani pa kanema. Chidamutuma n'chakuti anthu akwawo ambiri sankatha kuwerenga zomwe iye ankalemba.

Ubwana wake

Sembène adabadwa mu Januwale 1923 m'tauni ya Ziguinchor, m'chigawo cha Casamance kum'mwera kwa Senegal. Panthawiyo dzikolo lidali m'manja mwa atsamunda a ku France. Bambo ake adali msodzi. Ali mwana adaphunzira ku madarasa, kenako adalowa sukulu ya Afalansa, koma m'chaka cha 1936 adamuchotsa atayambana ndi mphunzitsi wamkulu.

Adayesa kutsata bambo ake pa ntchito ya usodzi koma sizidamuyendere. Mu 1938 adalowera ku Dakar komwe adagwirapo ntchito ya umakaniko ndi yomanga nyumba. Kumeneko adayamba kukonda kupita ku nyumba zoonetsera kanema, ngakhale mafilimu ake adali ochokera kunja okhaokha.

M'chaka cha 1944, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, adalembedwa usilikali m'gulu la asilikali akuda omwe ankamenyera nkhondo dziko la France. Atabwerako adapeza antchito ku Dakar atatopa ndi malipiro a tsankho. Mu Okotobala 1947 ogwira ntchito pa njanji yochokera ku Dakar kupita ku mtsinje wa Niger adayamba sitiraka yomwe idatha mu Malichi 1948. Nkhani ya sitirakayi idakhazikika mumtima mwa Sembène.

Wonyamula katundu asanduka mlembi

Ntchito itasowa kwawo, mnyamatayu adakwera sitima yapamadzi mozemba, wopanda tikiti, ulendo wa ku France. Adakakhazikika mumzinda wa Marseille komwe kwa zaka pafupifupi 10 adagwira ntchito padoko, kukweza ndi kutsitsa katundu m'sitima.

Kumeneko adalowa bungwe la apantchito la CGT komanso chipani cha Komyunizimu. Bungwelo lidali ndi laibulale, ndipo Sembène, yemwe sukulu adailekeza panjira, adayamba kuwerenga ngati munthu wanjala. Atavulala msana pantchito n'kupatsidwa ntchito yopepukirako, nthawi yowerenga ndi kulemba idachuluka.

Buku lake loyamba, Le Docker noir, lonena za munthu wakuda wogwira ntchito padoko, lidatuluka mu 1956. Mu 1960, chaka chomwe Senegal idalandira ufulu wodzilamulira, adatulutsa Les Bouts de bois de Dieu, buku lofotokoza za sitiraka ya panjanji ija. Bukuli lidamasuliridwa m'Chingerezi pa mutu wakuti God's Bits of Wood ndipo lidawerengedwa m'sukulu ndi m'mayunivesite ambiri mu Africa muno.

Apa munthu wina akadakhutira. Koma Sembène atabwerera kwawo n'kuyendera maiko angapo a mu Africa, adaona chinthu chomwe chidamusowetsa mtendere. Mabuku ake adali m'Chifalansa. Asodzi, amayi ogulitsa pamsika ndi antchito a panjanji, eni nkhani zomwe iye ankalemba, ambiri sankadziwa kuwerenga, ndipo Chifalansa sichidali chiyankhulo chawo. Owerenga ake adali Azungu ndi kagulu kochepa ka anthu ophunzira. Komatu anthu omwewo osadziwa kuwerenga ankadzaza nyumba za kanema madzulo alionse. Adaganiza zowatsata komweko.

Sukulu ya ku Moscow

Nthawi imeneyo kupanga filimu sikudali kwapafupi kwa munthu wakuda. Lamulo la atsamunda la m'chaka cha 1934 linkaletsa aliyense kujambula filimu m'maiko a mu Africa olamulidwa ndi France popanda chilolezo cha bwanamkubwa. Paulin Soumanou Vieyra, yemwe adaphunzira za mafilimu pa sukulu ya IDHEC ku Paris, adamanidwa chilolezocho, ndipo filimu yomwe adapanga ndi anzake mu 1955, Afrique-sur-Seine, adaijambulira ku Paris komweko.

Sembène sadadzinamize kuti poti amadziwa kulemba buku ndiye kuti filimu aikwanitsa. Adafunafuna malo ophunzirira, ndipo dziko la Soviet Union ndi lomwe lidamutsegulira khomo. M'chaka cha 1962 adali ku Gorky Studio mumzinda wa Moscow, akuphunzira pansi pa katswiri wotchedwa Mark Donskoy.

Mphunzitsiyu adamuyenera. Donskoy adatchuka ndi mafilimu atatu onena za moyo wa mlembi Maxim Gorky, munthu yemwe adakulira mu umphawi, adagwira maganyu osiyanasiyana ndipo adadziphunzitsa yekha kulemba, monga momwe Sembène adachitira.

Kodi munthu wodziwa kale kulemba nkhani amakaphunziranso chiyani kusukulu yotere? M'buku, mlembi atha kudzaza tsamba lonse kufotokoza zomwe munthu akuganiza. Pa kanema woonera ayenera kuziona yekha pankhope, m'manja, kapena pa mbale yopanda kanthu yomwe ili pamkeka. Wophunzira amayenera kudziwa poimika kamera, nthawi yoiyandikitsa kwa munthu ndi yoitalikitsa, kagwiritsidwe ntchito ka kuwala, kutsogolera ochita sewero, ndi kudula komanso kulumikiza zidutswa za filimu kuti nkhani iyende. Amaphunziranso kuwerengetsera ndalama, chifukwa filimu yojambulira masiku amenewo idali yokwera mtengo ndipo sikudali kotheka kubwereza chinthu kambirimbiri.

Maphunziro ake sadali a digiri, adatenga pafupifupi chaka chimodzi. Ena omwe adabwera pambuyo pake adakhala zaka zingapo pa VGIK, sukulu ya mafilimu ya ku Moscow yomwe idakhazikitsidwa mu 1919 ndipo ndi yakale kuposa ina iliyonse padziko. Mwa iwo mudali Souleymane Cissé wa ku Mali ndi Abderrahmane Sissako wa ku Mauritania, omwe adadzakhala akatswiri otchuka.

Nkhani za anthu wamba

Atabwerera ku Dakar, mu 1963 adatulutsa Borom Sarret, filimu ya mphindi pafupifupi 20 yonena za tsiku limodzi la woyendetsa ngolo yokokedwa ndi hatchi. Bamboyo amanyamula anthu omwe samulipira, amanyamula mayi wapakati kupita naye kuchipatala, amanyamulanso bambo yemwe akukaika maliro a mwana wake. Kenako njonda ina yovala bwino imamunyengerera kuti aipititse kudera la anthu olemera komwe ngolo n'zoletsedwa. Wapolisi amamulanda ngoloyo, njonda ija imachoka osalipira, ndipo iye amabwerera kunyumba wapansi, chimanjamanja. Aliyense wopalasa kabaza atha kuimva filimuyi popanda womasulira.

Mu 1966 adatulutsa La Noire de..., nkhani ya Diouana, mtsikana wa ku Dakar yemwe mabwana ake Achifalansa amamutengera ku tauni ya Antibes. Iye amaganiza kuti akukalera ana ndi kuona dziko, koma amakasanduka kapolo wa m'nyumba, wosatuluka, wopanda womuyankhula ngati munthu, mpaka amadzipha. Bwana uja akabweza katundu wake ku Dakar, mayi a mtsikanayo amakana ndalama zomwe iye akufuna kuwapatsa. Filimuyi idapata mphoto ya Jean Vigo ku France, ndipo idaonetsa dziko kuti munthu wakuda wa mu Africa atha kupanga filimu yaitali yopikisana ndi ina iliyonse.

Komabe mafilimu awiriwa adali m'Chifalansa, ndipo cholinga chomwe adapitira ku Moscow chidali chisadakwaniritsidwe. Chidatheka mu 1968 ndi Mandabi, filimu ya m'Chiwolofu, chiyankhulo chomwe anthu ambiri a ku Senegal amayankhula. Omwe adapereka ndalama adafuna ya Chifalansa, choncho Sembène adaijambula m'ziyankhulo zonse ziwiri.

Nkhani yake ndi ya Ibrahima Dieng, bambo wa akazi awiri yemwe sali pantchito. Mphwake wosesa m'misewu ya ku Paris amatumiza ndalama zokwana mafulanki 25,000 kudzera ku positi ofesi, ndipo gawo la Dieng pa ndalamazo ndi lochepa chabe. Kuti azilandire akufunika chitupa. Kuti apeze chitupa akufunika kalata yakubadwa ndi zithunzi. Ofesi iliyonse imamutumiza ku ofesi ina, wina afuna chiphuphu, wina amubera. Uku anansi amva kale kuti kwa Dieng kwagwa ndalama ndipo ayamba kubwera kudzabwereka. Pomaliza, wachibale wophunzira yemwe adamukhulupirira ndi amene amadya ndalamazo. Filimuyi idalandira mphoto ku Venice, koma chachikulu kwa mwini wake chidali chakuti anthu a ku Dakar adadzimva okha akuyankhula pa kanema.

Sembène ankaona kanema ngati sukulu yamadzulo ya anthu akuluakulu. Ankapita ndi mafilimu ake m'midzi, ndipo akatha kuonetsa ankakhala pansi kukambirana ndi anthu zomwe aona. Adathandizanso kuyambitsa nyuzipepala ya Chiwolofu yotchedwa Kaddu, komanso adali m'gulu la omwe adalimbikitsa chikondwerero cha mafilimu cha FESPACO chomwe chidayamba ku Ouagadougou mu 1969.

Kulimbana ndi akuluakulu

Munthu wonena chilungamo sasowa adani. Filimu ya Xala ya mu 1975, yomwe imaseka mabwana akuda omwe adalowa m'malo mwa atsamunda n'kuyamba kudya okha, boma la Senegal lidaidula magawo ena lisadailole kuonetsedwa. Ceddo ya mu 1977, yonena za momwe zipembedzo zobwera ndi malonda a akapolo zidasokonezera anthu, idaletsedwa kwa zaka zingapo. Chifukwa chomwe boma la Léopold Sédar Senghor lidapereka chidali chakuti dzina la filimuyo liyenera kulembedwa ndi d mmodzi. Sembène adakana kusintha.

Mu 1988 adatulutsa Camp de Thiaroye, yomwe adapanga ndi Thierno Faty Sow. Imafotokoza zomwe zidachitika pa 1 Disembala 1944, pomwe asilikali a France adaombera asilikali akuda obwera kunkhondo omwe ankafunsa malipiro awo. Afalansa adati omwe adafa ndi 35, koma akatswiri a mbiri yakale amati adali ambiri kuposa apo. Filimuyi idapata mphoto ku Venice koma kwa zaka pafupifupi 10 sidaonetsedwe m'nyumba za kanema ku France. Mudali mu Novembala 2024 pomwe mtsogoleri wa dzikolo, Emmanuel Macron, adavomereza kuti pa Thiaroye padachitikadi kupha anthu mwankhanza.

Ukalamba sudamufooketse. Ali ndi zaka 81, mu 2004, adatulutsa Moolaadé, yomwe adajambulira m'mudzi wina ku Burkina Faso. Ndi nkhani ya mayi Collé yemwe amabisa atsikana anayi othawa mdulidwe wa akazi, ndipo amapirira kukwapulidwa pagulu osawapereka. Amuna a m'mudzimo amatolera mawailesi a amayi n'kuwatentha poganiza kuti ndi omwe akuwapatsa mwano. Filimuyi idalandira mphoto ku Cannes.

Imfa yake

Sembène adamwalira pa 9 Juni 2007 kunyumba kwake ku Yoff, m'mbali mwa nyanja mumzinda wa Dakar, ali ndi zaka 84. Adapita asadakwaniritse loto lake lalikulu, filimu ya Samory Touré, mfumu yomwe idalimbana ndi Afalansa kuzambwe kwa Africa. Adaikonzekera kwa zaka zambiri koma ndalama sizidapezeke, umboni wakuti ntchitoyi ili ndi minga ngakhale kwa akatswiri.

Lero mumzinda wa Ouagadougou muli chipilala cha mkuluyu, kaliwo wake wotchuka uja ali m'manja, ndipo mafilimu ake amaphunzitsidwa m'mayunivesite a maiko ambiri, ngakhale mwini wake sadamalize pulayimale.

Masiku ano kamera ili m'thumba la wachinyamata aliyense yemwe ali ndi foni yabwinoko, chinthu chomwe Sembène adachivutikira mpaka kuwoloka nyanja. Chomwe sichidasinthe ndi zinthu ziwiri zomwe iye adaphatikiza. Popita ku Moscow adanyamula nkhani za anthu omwe adakhala nawo padoko, kunkhondo ndi m'makwalala a Dakar, ndipo kusukuluko adakatenga luso lozifotokozera kuti ngakhale agogo osadziwa kulemba dzina lawo azimve. Kholo lomwe mwana wake akufuna maphunziro amenewa lingachite bwino kumufunsa kaye kuti nkhani yomwe akufuna kufotokoza ndi yotani, ndipo akufuna kuti aimve ndani.