Bambo Ambrosoli, Dotolo wa ku Kalongo

Ife akumidzi tidziwa bwino usiku uja pamene mayi wapakati ataya magazi, cipatala cili kutali, ngolo ilibe ng'ombe. Pa usiku wotere ndi bwino kukumbukila Bambo Giuseppe Ambrosoli, wansembe wa cipani ca Comboni.

Anabadwa m'caka ca 1923 ku Ronago, m'dziko la Italy, m'banja lolemela ndi malonda a uci. Iwo anasiya cumaco, naphunzila udotolo, nadzozedwa unsembe mu 1955. Mu 1956 anafika ku Kalongo, kumpoto kwa Uganda, kumene anapeza kacipatala kakang'ono. Pang'onopang'ono anakakuza kukhala cipatala cacikulu, cocita maopaleshoni ndi kulandila ngakhale akhate.

Bambowa anaona kuti dotolo mmodzi sangafike paliponse, ndipo kuti amayi ambili amafa cifukwa cofika mocedwa. Motelo mu 1959 anatsegula sukulu ya azamba, kuti atsikana a komweko aphunzile kuzindikila ngozi msanga ndi kutumiza wodwala nthawi ikalipo.

Mu Febuluwale 1987, nkhondo ili mkati, asilikali analamula kuti cipatala citsekedwe. Bambo Ambrosoli, amene impso zao zinali zitayamba kale kuvuta, anatsogolela mdipiti wa magalimoto onyamula odwala, anamwino ndi ana a sukulu mpaka ku Lira. Sanapumule kufikila atapezela sukuluyo malo ku Angal. Atatelo matenda anakula. Ku Lira kunalibe makina othandiza impso, ndipo anamwalila pa 27 Malichi 1987. Munthu amene anapulumutsa ambili anafa monga amafela osauka, thandizo lili kutali.

Koma mbeu yao sinafe. Cipatala cinatsegulidwanso, sukulu ya azamba inabwelela ku Kalongo, ndipo pa 20 Novembala 2022 Mpingo unawachula Wodala.

Ife sitili madotolo, koma nchito yathu ilipo. Mphakati uliwonse udziwe kuti ngolo kapena njinga yonyamula wodwala usiku ndi ya yani. Tikagulitsa cimanga ndi nshawa, tipatuleko kandalama ka ulendo wa kucipatala. Mayi wapakati akayandikila masiku, apite akadikile pafupi ndi azamba. Mwana akayamba kukomoka kapena kupuma movutika, tisayambe tayembekeza kuti kuce. Tipemphele, inde, koma tipemphele tili panjila.