Almon Strowger: Wokonza Maliro Amene Anasintha Kaimbidwe ka Lamya

Tikamaimba lamya timangoganiza za zimene tikufuna kunena. Koma mawu asanayambe kuyenda pamakhala ntchito ina imene sitiiona: kupeza munthu amene tikumufunayo, kuliza foni yake, kudziwa ngati wayankha, ndi kudula tikamaliza. Makina oyamba amene anagwira ntchitoyi pakati pa anthu anachokera m'mutu mwa munthu wokonza maliro, Almon Brown Strowger.

Strowger anabadwa m'chaka cha 1839 ku Penfield, pafupi ndi Rochester m'chigawo cha New York ku America. Anamenya nawo nkhondo yapachiweniweni ya dzikolo ali m'gulu la asilikali okwera pa akavalo. Nkhondo itatha anakhala mphunzitsi, kenaka anayamba bizinesi yokonza maliro, imene anadzaichitira ku Kansas City.

Masiku amenewo munthu sankaimba yekha nambala. Ankanyamula lamya n'kutchula dzina la amene akumufuna kwa wolumikiza wa ku ofesi ya lamya, ndipo wolumikizayo ankasomeka chingwe pamalo oyenera ndi dzanja. Mphamvu yonse inali m'manja mwake. Mbiri imene imakambidwa kwambiri imati Strowger ankakhulupirira kuti wolumikiza wina anali pachibale ndi mnzake wopikisana naye pa bizinesi, choncho anamfedwa akafuna Strowger ankawapititsa kwa winayo. Kwa iye nkhaniyi inali ya chakudya cha tsiku ndi tsiku. Anaganiza zoti woimba azidzisankhira yekha kumene lamya yake ikupita.

Anapempha chiphaso cha boma choteteza luso lake m'chaka cha 1889 ndipo anachilandira pa 10 Malichi 1891. Pamodzi ndi mwana wa m'bale wake, Walter Strowger, ndiponso Joseph Harris ndi Moses Meyer, anatsegula kampani. Pa 3 Novembala 1892 makina awo anayamba kugwira ntchito m'tauni ya La Porte ku Indiana, akutumikira anthu pafupifupi 75.

Nzeru yake inali yosavuta kuimvetsa. Woimba ankadina batani kangapo molingana ndi nambala, ndipo kudina kulikonse kunkatumiza kamphamvu ka magetsi ku ofesi. Kumeneko kamkono kachitsulo kankasuntha sitepe imodzi pa kudina kulikonse. M'makina amene anadzafala, kamkonoko kankayamba kakwera kufuna mzere, kenaka n'kuzungulira kufuna waya wa munthuyo, ndipo mizere 10 ya mawaya 10 inkapereka malo 100. M'chaka cha 1896 akatswiri a pakampaniyo, Alexander Keith ndi abale awiri a Erickson, anapanga chozungulitsa ndi chala chija m'malo mwa mabatani.

Strowger sanadye kwambiri za thukuta lake. Anagulitsa ziphaso zake m'chaka cha 1896 ndi gawo lake la mu kampani m'chaka cha 1898, nasamukira ku St. Petersburg ku Florida, kumene anabwereranso ku ntchito ya maliro. Anamwalira pa 26 Meyi 1902. Makina a dzina lake anakhalitsa kuposa mwini wake: ku Britain anayamba kutumikira anthu ku Epsom m'chaka cha 1912, ndipo omaliza anawachotsa m'chaka cha 1995.

Patatha zaka 100 chimwalirireni, mu Juni 2002, bungwe la IETF linatulutsa chikalata cha RFC 3261, chofotokoza ndondomeko yotchedwa SIP imene mafoni ambiri a pa intaneti amatsata lero. Kamkono kachitsulo kanatha, koma masitepe ndi omwe aja. Foni ikayatsidwa imatumiza uthenga wa REGISTER kuuza seva kumene ili. Tikaimba, foni yathu imatumiza INVITE, ndipo maseva amaupatsirana mpaka ufike kwa mwini wake. Foni yake ikayamba kulira imabweza 180 Ringing. Akayankha imabweza 200 OK, yathu n'kutsimikiza ndi ACK. Akakhala pa lamya ina timalandira 486 Busy Here. Mawu enieniwo amadzera njira yawoyawo yotchedwa RTP, ndipo wina akadula, uthenga wa BYE umatseka zonse.

Funso limene linavutitsa Strowger likadalipo: kodi amene ali pakatiyo akutifikitsa kwa amene tamufuna? N'chifukwa chake seva ya SIP imatha kufuna umboni wa mawu achinsinsi isanalandire foni, ndipo mauthengawo amatha kubisidwa kuti wapanjira asawawerenge kapena kuwasintha. Ophunzira amene mumakonda fiziki ndi kompyuta, ntchito yoteteza kukhulupirika kwa njira zimenezi ikufunabe anthu, ndipo imayambira pa zimene mukuphunzira m'kalasi za magetsi ndi manambala.