Alfred Binet, Woyesa Nzeru za Ana

Alfred Binet anabadwira ku Nice, m'dziko la France, m'chaka cha 1857. Nchito yake yofufuza nzeru za ana anaiyambira pakhomo, popenyetsetsa kaganizidwe ka ana ake aakazi awiri. Boma litafuna njira yozindikirira ana obvutika m'sukulu, iye ndi Théodore Simon anakonza mayeso 30 m'chaka cha 1905, oyambira pa zapafupi kufikira pa zobvuta. Anafuna kuti mwana wotsalira apezeke msanga ndi kuthandizidwa, pakuti ankakhulupirira kuti nzeru zimakula zikasamalidwa. Anamwalira ku Paris m'chaka cha 1911. Pambuyo pake ena anasandutsa muyesowo chida chopatulira anthu ndi kunyoza ofooka. Tsono inu aphunzitsi ndi makolo, mwana aliyense ndi mphatso ya Mulungu: musamtaye chifukwa cha mayeso a tsiku limodzi.