Fritz Zwicky, mkulu wamakani amene ankasaka nyenyezi zophulika

Pali anthu ena amene amanena zoona ndithu, koma pakamwa pawo mpamoto mwakuti omvera amathawa zoonazo pamodzi ndi mwini wake yemwe. Ine ndikaganiza za anthu otere ndimakumbuka malemu Fritz Zwicky, katswiri wa nyenyezi.

Mkuluyu anabadwa pa 14 February 1898 ku Varna m'dziko la Bulgaria, kumene bambo ake, nzika ya Switzerland, ankachita bizinesi. Ali ndi zaka 6 anamutumiza kwa agogo ake ku Switzerland kuti akaphunzire zamalonda. Koma mwana anagwa m'chikondi ndi masamu, ndipo atamaliza maphunziro ku Zurich, mu 1925 anapita kukagwira ntchito pasukulu ya Caltech ku America.

Nthawi imeneyo akatswiri ankadziwa kale kuti nyenyezi zina zimawala mwadzidzidzi kenaka n'kuzirala, ndipo ankazitcha nova. Imodzi inaoneka mu 1885 mu Andromeda, kamtambo kowala kamene ambiri ankayesa kali pafupi. Ndiye m'zaka za m'ma 1920 Edwin Hubble anaonetsa kuti Andromeda ndi mlalang'amba wina pawokha, khamu la nyenyezi mabiliyoni, kutali zedi. Taganizani, abale anzanga: usiku mwaona kuwala, mukuti ndi nyali ya aneba, wina n'kukuuzani kuti kuwalako kuli paphiri lakutali. Ndiye kuti si nyali ayi, ndi moto wolusa.

Mu 1934 Zwicky ndi mnzake Walter Baade, Mjeremani wogwira ntchito ku Mount Wilson, analemba kuti kuphulika kotereku ndi mtundu wina, ndipo anakutcha supernova. Anati iyi ndi imfa ya nyenyezi, ndipo kwa milungu ingapo imawala pafupifupi ngati mlalang'amba wonse. Sanalekere pomwepo. Anatinso mtima wa nyenyeziyo umafinyika n'kusanduka chibulumwa cha ma neutron, tizidutswa ta atomu timene James Chadwick anali atangotulukira kumene mu 1932. Lero tikudziwa kuti chibulumwa chotere chimalemera kuposa dzuwa, chonsecho kukula kwake ndi makilomita 20 okha basi.

Umboni panalibe. Apa mpamene ine ndimamuvulira chipewa Zwicky, chifukwa sanangokhala n'kumakangana. Mu 1936 anayamba kugwiritsa ntchito telesikopu yaing'ono ya mainchesi 18 paphiri la Palomar, yotha kujambula dera lalikulu la thambo nthawi imodzi. Ankajambula milalang'amba yomweyomweyo mwezi ndi mwezi, n'kumafanizira zithunzi kuti aone ngati patuluka kadontho kamene kale panalibe. Ntchito yotopetsa ngati kusankha miyala mu mpunga. Yoyamba anaipeza mu 1937, ndipo pomwalira anali atapeza zoposa 120. Kusaka kumeneku kunathandiza Rudolph Minkowski kuona mu 1941 kuti ma supernova ali mitundu iwiri, ena okhala ndi haidrojeni, ena opanda.

Za chibulumwa chija anthu anazinyalanyaza kwa zaka 33, mpaka mu 1967 pamene mtsikana wapasukulu ku Cambridge, Jocelyn Bell, anatola zizindikiro za wailesi zobwera mobwerezabwereza kuchokera kuthambo, ndipo posakhalitsa zinadziwika kuti zikuchokera ku nyenyezi ya ma neutron. Chimodzimodzinso ndi nkhani ina ya mu 1933. Zwicky anaona kuti milalang'amba ya m'gulu la Coma ikuthamanga kwambiri moti ikanamwazikana pakanapanda chinthu china chosaoneka choikoka. Akatswiri anadzayamba kuzimvera m'ma 1970, Vera Rubin ataonetsa zofanana nazo.

Nanga bwanji ankamunyalanyaza chonchi? Ena amati ndi nsanje. Ine sindikugwirizana nazo kwenikweni. Mkuluyu ankaponya maganizo ambirimbiri, ena olakwika, monga loti kuwala kumatopa kukayenda ulendo wautali, ndipo onse ankawanena ndi mphamvu imodzimodzi. Anzake akanadziwa bwanji mbewu ndi mankhusu? Komanso ankanyoza akatswiri anzake poyera, kuwanena kuti amamubera nzeru, mpaka zinazo anazilemba m'mawu oyamba a buku lake la mu 1971. Amati kuchipinda chodyera ankachita mapushapu ndi dzanja limodzi kuti aonetse nyonga. Ngakhale Baade yemwe anayambana naye, moti akuti Baade anafika poopa kutsala naye awiri. Paja munthu amene wakutukwana dzulo, lero akabwera ndi nzeru sumutchera khutu msanga.

Komatu munthu yemweyu, nkhondo yachiwiri itatha, anatha zaka akusonkhanitsa mabuku a sayansi n'kumatumiza kumalaibulale amene anaphwasuka ku Ulaya ndi ku Asia, ndiponso ankathandiza nyumba zosungira ana amasiye.

Mu 1972 bungwe la Royal Astronomical Society la ku London linamupatsa mendulo yake yagolide. Anamwalira ku Pasadena pa 8 February 1974, patadutsa zaka zoposa 6 chipezekere nyenyezi yake ya ma neutron. Baade, amene analemba naye ganizolo, sanaione, popeza anamwalira mu 1960.